Botolo la Mbuzi 50: Mkangano wa Mankhwala Ochiritsa M'masewera a Patebulo

M'buku la osewera la Dungeons & Dragons lomwe linatuluka mu 2014 muli mndandanda wa katundu amene munthu wapaulendo angagule: chingwe, makandulo, tenti, nyali, sopo, zida zowedzera nsomba. Pakati pa zinthu wamba zimenezi pali kabotolo ka mankhwala ochiritsa mabala, mtengo wake ndalama 50 zagolide. Masamba angapo kutsogolo, buku lomwelo limati mbuzi ndi ndalama imodzi yagolide, ng'ombe ndi 10, pomwe waganyu wopanda luso amalandira ndalama ziwiri zasiliva patsiku, ndipo zasiliva 10 ndiye zimakwana yagolide imodzi. Ukawerengera bwino, kabotolo kameneka ndi mbuzi 50, kapena ng'ombe zisanu, kapena thukuta la waganyu la masiku 250. Munthu amamwa kamodzi, katha.

Kabotoloka kakhala kakukanganitsa osewera kwa zaka zambiri. Ena amati kazipezeka m'sitolo ya m'tauni iliyonse, yemwe ali ndi ndalama agule mmene thumba lake lingalolere. Ena amati ayi, mankhwala otere ndi chuma chosowa, azipezeka m'mabwinja ndi m'mapanga momwe anthu aika moyo pachiswe, osati pashelefu pafupi ndi sopo. Ukamva koyamba umati awa ndi anthu osowa chochita. Koma yankho lomwe gulu lasankha limasintha masewera onse: kutalika kwa ulendo, mantha a osewera, ntchito ya ndalama, ngakhale amene amasangalala patebulo ndi amene amangopirira.

Kwa amene sanakhalepo patebulo lotere, zimayenda chonchi. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira, aliyense ali ndi pepala la munthu wake wa m'nthano: wina msilikali, wina wamatsenga, wina mbala, wina wansembe. Mmodzi, yemwe mu Dungeons & Dragons amatchedwa Dungeon Master, ndiye woyendetsa. Amafotokoza dziko, amalankhula m'malo mwa mafumu, ogulitsa ndi zilombo, ndipo pakafunika kudziwa ngati lupanga lakantha kapena laphonya, madayisi ndi amene amagamula. Munthu aliyense wa m'nthano ali ndi mapointi a moyo. Akamenyedwa mapointiwo amachepa, akafika pa ziro munthuyo amagwa ndipo imfa imakhala pakhomo. Msilikali wongoyamba kumene amakhala ndi mapointi 12 kapena 13. Kabotolo kaja kamabweza pakati pa 4 ndi 10, kawirikawiri cha m'ma 7.

Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerawa mu 1974 kudzera m'kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, Wisconsin, pa mndandanda wa zogula panalibe mankhwala ochiritsa. Ankapezeka mwamwayi m'chuma cha zilombo, ndipo botolo silinkabwera ndi chizindikiro. Munthu ankalawa pang'ono kuti adziwe zomwe zili mkati, chikhalirecho mwa mabotolo amenewo munali a poizoni, ndi ena ongopusitsa womwa kuti wapeza zomwe ankafuna. Kuchira popanda matsenga kunali kwa kamba. M'malamulo a Advanced Dungeons & Dragons a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, tsiku lathunthu lopuma linkabweza pointi imodzi yokha. M'buku la oyamba kumene lomwe Tom Moldvay anakonza mu 1981, linkabweza imodzi mpaka zitatu. Wansembe wa levulo yoyamba, ndiye kuti wongoyamba kumene, m'malamulo a 1974, analibe ngakhale pemphero limodzi lochiritsa.

Masewera a nthawi imeneyo ankazungulira pa funso limodzi lomwe osewera ankafunsana ataima pakhomo la chipinda chotsatira: tipitirire kapena tibwerere? Ndalama iliyonse yagolide yotulutsidwa m'phanga inkakweza munthu kulowera ku levulo yotsatira, choncho dyera linkawakokera kutsogolo pomwe mabala ankawakokera kumbuyo. Amene amakana zogulitsa mankhwala, akamalankhula moona mtima, funso limeneli ndi lomwe akulirira. Si nkhanza ayi. Anaona kukoma kwa tebulo lomwe anthu asanu akukangana zenizeni chifukwa mmodzi watsala ndi mapointi atatu ndipo kuseri kwa chitseko kukumveka kanthu kakupuma.

Zinthu zinatembenuka mu 2000, pomwe kampani ya Wizards of the Coast, yomwe inagula TSR mu 1997, inatulutsa mtundu wachitatu wa malamulo. Chilichonse cha matsenga chinapatsidwa mtengo ndi njira yochipangira. Panabwera tebulo losonyeza chuma chomwe munthu wa levulo iliyonse ayenera kukhala nacho, ndiponso lamulo loti mudzi kapena tauni imagulitsa zinthu mpaka mtengo wakutiwakuti malinga ndi kukula kwake. Apa m'pomwe osewera odziwa masamu anapeza khomo. Botolo lochiritsa mabala ang'onoang'ono linali ndalama 50. Koma kandodo ka matsenga ochiritsa omwewo, kogwira ntchito maulendo 50, kanali ndalama 750. Ndiye kuti kukhudza kamodzi ndi kandodoko kunali ndalama 15 zokha, pomwe mphamvu yake inali yofanana ndendende ndi ya botolo la 50. Kandodo kamodzi kankasunga mapointi pafupifupi 275. Tauni yaing'ono, malinga ndi malamulo omwewo, inkaloledwa kugulitsa zinthu mpaka za ndalama 800, kotero kandodoko kanali pafupi ndi aliyense. Gulu la anthu anayi linkasonkherana ulendo woyamba kapena wachiwiri ukangotha, n'kukagula. Pathfinder, yomwe kampani ya Paizo inatulutsa mu 2009 pomanga pa malamulo omwewo, inatengera kandodoko ndi mtengo wake womwe.

Zotsatira zake aliyense amene anasewera nthawi imeneyo amazikumbukira. Nkhondo ikatha, gulu linkaima mzere, wina n'kumawakhudza ndi kandodo mmodzimmodzi mpaka onse atadzaza. Olemba malamulo ankayembekezera kuti nkhondo yolingana ndi mphamvu za gulu izidya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe gululo lili nazo, kuti pofika yachinayi kapena yachisanu anthu akhale atafooka. Koma mbali ya mabala inachoka m'masamu amenewo. Nkhondo iliyonse inkayamba anthu ali bwinobwino, ndipo woyendetsa akafuna kuwaopseza ankayenera kubweretsa chilombo chotha kupha munthu pa nkhondo imodzi yomweyo. Chodabwitsa n'chakuti kuchuluka kwa mankhwala kunachititsa kuti imfa izibwera modzidzimutsa kuposa kale.

Makampani anayesa kukonza, aliyense mwa njira yake. Mtundu wachinayi wa Dungeons & Dragons, wa mu 2008, unaika malire m'thupi la munthu mwiniyo. Aliyense anali ndi mphamvu zodzichiritsira zowerengeka patsiku, msilikali zoyambira pa 9, wamatsenga pa 6, ndipo botolo la ndalama 50 linkagwira ntchito pokhapokha munthu atawononga imodzi mwa mphamvu zimenezo. Ukhoza kugula mabotolo 100, koma thupi likatopa latopa. Paizo, poyesa malamulo atsopano a Pathfinder mu 2018, inabweretsa mapointi otchedwa Resonance oti azichepa munthu akagwiritsa ntchito chinthu cha matsenga. Osewera ambiri sanawakonde, ndipo buku lenileni litatuluka mu 2019 anali atachotsedwa. M'malo mwake kandodo kanayamba kugwira ntchito kamodzi patsiku, ndipo luso la zachipatala linapatsidwa mphamvu: munthu wokhala ndi zida zomangira mabala amatha mphindi 10 pa mnzake, n'kumubwezera mapointi pakati pa 2 ndi 16 ngati dayisi yalola, kenako mnzakeyo amadikira ola lathunthu asanathandizidwenso. Taonani zomwe Paizo inachita apa. Sinabise kuchira ayi. Inakuchotsa pa ndalama n'kukuika pa nthawi.

Mtundu wachisanu, wa buku la mu 2014 lija, womwe ambiri akusewera lero, unaima pakatikati mochenjera. Kandodo kaja kanachotsedwa pa mndandanda. Buku la woyendetsa la 2014 limati zinthu zambiri za matsenga n'zosowa kwambiri moti sizigulitsidwa, koma limalola kuti zazing'ono ngati kabotolo kaja zipezeke kwa wamankhwala azitsamba kapena kwa wosakaniza mankhwala. Chigamulo chenicheni linasiyira woyendetsa aliyense, n'chifukwa chake mkanganowu sunathe.

Mfundo yomwe imandikhudza kwambiri ya ofuna sitolo si ya masamu. Ndi ya munthu amene amasewera ngati wansembe. Patebulo lomwe mankhwala sagulidwa, wina ayenera kukhala wochiritsa, afune asafune, ndipo zimakhala ngati mmene ana amakankhirana pagolo pa mpira wachikulunga: amene wafika mochedwa, kapena wofatsa kuposa onse, ndiye amaikidwapo. Munthuyu anabwera ndi maloto ake a wansembe wankhondo wonyamula chibonga, koma madzulo onse amathera kusunga mapemphero ake kuti akatole anzake omwe athamangira kutsogolo mosaganiza. Akagwiritsa ntchito pemphero limodzi pa china chake amamuyang'ana ndi diso loipa. Botolo logula limagawa mtolo umenewu. Aliyense amanyamula lake, aliyense amalipira m'thumba mwake, ndipo gulu la anthu atatu lopanda wansembe likhoza kunyamukabe ulendo. Woyendetsa amene amati akuteteza kukoma kwa masewera pomana mankhwala ayenera kudzifunsa kuti kukoma kumeneko akukulipira ndani.

Masamu nawo ali mbali yawo, makamaka pa malamulo a 2014. Nkhondo ikamachitika, munthu ali ndi mpata umodzi waukulu wochita kanthu nthawi yake ikafika, ndipo kumwa botolo kunkadya mpata wonsewo. Chimphona cha mtundu wa ogre chikamenya ndi chibonga chake chimachotsa mapointi pafupifupi 13. Botolo limabweza 7. Msilikali amene wasiya kumenya kuti amwe wataya mpata, wataya ndalama 50, ndipo chimphonacho chikamupezanso watsala pansi kuposa pomwe anali. Palinso nkhani ya ndalama zomwe zimangounjikana. Mu mtundu wachisanu, msilikali akagula chovala chachitsulo cha ndalama 1,500, palibenso zambiri zoti agule zomwe zingamuthandize pankhondo. Osewera amatuluka m'mapanga ndi matumba a golide omwe alibe ntchito, ndipo chuma chopanda chogula chimasiya kukopa. Ofuna sitolo amati: tisiyeni tiwonongere pa mabotolo, ulendo wotsatira tikhalenso ndi chifukwa chofunira golide.

Koma okana ali ndi yankho lomwe ofuna sitolo sakonda kulimva. Mphamvu yeniyeni ya botolo si mapointi 7 aja. Ili pa munthu wogwa. M'malamulo achisanu, wofika pa ziro amayamba kuponya dayisi nthawi yake iliyonse ikafika. Akalephera katatu wafa. Koma akangolandira ngakhale pointi imodzi amatsitsimuka, zolephera zija zimafufutidwa, ndipo amamenya ndi mphamvu zonse ngati sanavulalepo. Ndiye kuti botolo lothiridwa m'kamwa mwa wokomoka silikugula mapointi, likugula moyo wathunthu. Gulu lonyamula mabotolo 10 lanyamula kudzuka 10. Osewera amaphunzira msanga kuti kuchiritsa munthu asanagwe n'kuwononga, bola kumusiya agwe kaye, ndipo nkhondo imasanduka ya kugwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka, mpaka kukomoka kumene kumasiya kuopsa. Malamulo okonzedwanso a 2024 anawonjezera moto. Potsatira zomwe matebulo ambiri ankachita kale, ndiponso zomwe anthu anazolowera m'masewera a pakompyuta a Baldur's Gate 3 a mu 2023, analola kuti munthu amwe botolo, kapena amwetse mnzake wapafupi, osataya mpata wake waukulu. Mtengo unakhalabe 50. Mfundo ija yoti kumwa n'kutaya mpata inafooka pomwepo.

Mtengowo nawo umagwira ntchito kanthawi kochepa chabe. Kwa munthu wa levulo yoyamba, 50 ndi chuma, amaganiza kawiri. Pofika levulo ya 7 kapena 8, gulu likugawana masauzande, ndipo mabotolo 40 sawapweteka. Kulemera sikuwaletsa, popeza lililonse ndi theka la paundi. Oyendetsa ena akaona izi amakweza mtengo kasanu kapena kakhumi. Ndi njira yoipa kuposa zonse zomwe ndikuzidziwa, chifukwa imapweteka ongoyamba kumene, omwe chilombo chaching'ono chimodzi cha mtundu wa goblin chikhoza kuwagwetsa pomenya kawiri, pomwe olemera amangoseka n'kulipira.

Ndiye pali funso la dziko la m'nthanolo, lomwe ena amaliona ngati kulimbana ndi zazing'ono koma ine ndimaliona lolemera. M'mudzi momwe waganyu amalandira zasiliva ziwiri patsiku, ndani amagula botolo la 50? Wogulitsa amene waika mabotolo 10 pashelefu wamangirira mtengo wa ng'ombe 50 pa katundu amene palibe mnansi wake angamukwanitse, akudikira alendo onyamula malupanga amene mwina sabwera chaka chino. Komanso munthu wamba, malinga ndi buku la zilombo, ali ndi mapointi 4 okha, kutanthauza kuti botolo limodzi, ngakhale dayisi itagwa moipa bwanji, limamuchiritsa yense. Mlimi wogundidwa ndi ng'ombe akufa pafupi ndi sitolo yomwe ili ndi chomupulumutsa, kwinaku mlendo akumwa chomwecho chifukwa cha kabala kapamkono. Maiko ambiri a m'masewera amangotseka maso pa izi. Eberron, dziko lomwe Keith Baker anapanga ndipo linatuluka mu 2004, silinatseke. Kumeneko kuli banja la House Jorasco, la anthu aafupi a mtundu wa halfling obadwa ndi chizindikiro cha kuchiritsa, lomwe limayendetsa nyumba zochiritsira ngati bizinezi: wachira ndi amene walipira. Kugulitsa mankhwala kumeneko sikunaphe nthano, kunaibala. Pali olemera ochira, osauka okwiya, ndi banja lomwe silifuna opikisana nalo. Chomwe chimapha nthano ndi sitolo yopanda mwini, yopanda malo, yomwe imangotseguka wosewera akanena kuti ndachotsa 500, ndalemba mabotolo 10.

Nditayeza zonsezi, ndikuona kuti okana akulondera khomo laling'ono pomwe lalikulu lili pululu. Mu mtundu wachisanu, chomwe chimachotsa mantha si botolo. Ndi tulo. Munthu wotsala ndi pointi imodzi akagona maola 8 amadzuka ali ndi mapointi ake onse, kwaulere. Akapuma ola limodzi masana amabwezanso ena. Buku la woyendetsa la 2014 linawerengera kuti gulu lingapirire nkhondo 6 mpaka 8 tsiku limodzi, koma matebulo ambiri amachita imodzi kapena ziwiri n'kukagona. Woyendetsa amene watseka sitolo koma wasiya tulo totere sanabweze funso lija la tipitirire kapena tibwerere. Wangochititsa kuti osewera azigona pafupipafupi. Buku lomwelo lili ndi njira ina yomwe amene akufuna mantha akale angatenge: kupuma kwakufupi kukhale usiku wathunthu, kwakutali kukhale masiku 7. Ngakhale apo, masiku 7 amadutsa m'chiganizo chimodzi chokha ngati palibe chomwe chikuwonongeka pa masikuwo. Kuchedwa kumaluma pokhapokha wogwidwa ukapolo akupita naye kutali, kapena mdani akumanga linga.

Pali chinthu china chomwe okana sachitchula kawirikawiri. Woyendetsa amene sagulitsa mankhwala amawapereka ndithu, koma mwa njira ina. Akaona kuti gulu lafooka kwambiri ndipo nkhani yomwe waikonzekera mlungu wonse ili pafupi kufera panjira, mwadzidzidzi m'bokosi lotsatira mumapezeka mabotolo awiri. Osewera si ana. Akaona izi kawiri katatu amadziwa kuti moyo wawo uli m'manja mwa chifundo cha woyendetsa, ndipo munthu wodziwa kuti adzapulumutsidwa saopa kanthu. Botolo logula n'losiyana. Wosewera anaima m'tauni ndi ndalama 60, akusankha pakati pa botolo ndi uta watsopano, ndipo anasankha. Akadzagwa m'phanga ali ndi uta wokongola koma wopanda botolo, palibe amene angamuloze chala koma iye mwini. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo gulu lanzeru limakonzekera ndi zomwe lanyamula, osati zomwe likuyembekezera kutola. Apa ndi pomwe ndimaimira: kugula kumaika chiganizo m'manja mwa osewera, kutola kumachiika m'manja mwa woyendetsa, ndipo masewera amakoma kwambiri osewera akamadzipha kapena kudzipulumutsa okha.

Koma kusankha kumakhala kusankha pokhapokha katundu akamatha. Malire oyenera si mtengo, ndi kuchuluka kwa zomwe zilipo, ndipo malamulo enieniwo amapereka poyambira. Buku la Xanathar's Guide to Everything la mu 2017 limati wodziwa zitsamba amapanga kabotolo kamodzi pa tsiku limodzi ndi zipangizo za ndalama 25. Lamphamvu kuposa apo limatenga mlungu wa ntchito ndi ndalama 100, lotsatira milungu itatu ndi 1,000, lapamwamba kwambiri milungu inayi ndi 10,000. Manambala amenewa akunena zambiri. Mayi wa zitsamba wa m'mudzi, amene alinso ndi munda ndi odwala ena, sangakhale ndi mabotolo oposa awiri kapena atatu, ndipo gulu likawagula onse liyenera kudikira kapena kupita ku mzinda. Kachisi wa mumzinda akhoza kukhala ndi ambiri, koma adzafunsa kuti ndinu ndani ndipo mumalambira chiyani. Mabotolo akuluakulu asakhale pashelefu n'komwe. Achite kuitanitsa, kulipiriratu, n'kudikira. Botolo lachitatu lija limabweza mapointi pafupifupi 28, ofanana ndi timabotolo tinayi, koma kulipanga kumadya ndalama zochuluka kakhumi kuposa tinayito. Zomwe munthu akulipira pamenepo ndi liwiro, kuti achire pa kumwa kumodzi chinjoka chisanamulavulirenso moto, ndipo chinthu chotere n'choyenera kukhala ndi nkhani yake.

Njira imeneyi imabweretsanso anthu m'nthano. Wogulitsa wokhala ndi dzina akhoza kukongoza, kukwiya, kubedwa, kapena kupempha kuti gulu likamutengere muzu womera kudambo komwe anthu anasiya kupitako. Wosewera amene wasankha luso la zitsamba, lomwe zida zake ndi ndalama 5 zokha, amapeza kuti masiku opuma ali ndi phindu.

Ndikudziwa zomwe ena anganene, ndipo sakulakwa kwenikweni. Si aliyense amene amabwera patebulo kudzawerengera katundu wa sitolo. Anthu ogwira ntchito amene amakumana maola atatu pa milungu iwiri safuna kuthera theka la ola akunenerera mtengo ndi mayi wa zitsamba. Akufuna kukamenya chinjoka. Kwa gulu lotere, kapena la ana ongophunzira, kunena kuti aliyense agule mpaka awiri tisananyamuke n'kokwanira, ndipo palibe chomwe chatayika. Chofunika n'chakuti woyendetsa anene poyera tsiku loyamba, anthu asanasankhe anthu awo a m'nthano. Amene wasankha gulu lopanda wansembe poganiza kuti mabotolo alipo, kenako n'kumva pakati pa ulendo kuti m'dziko lino sagulitsa, ali ndi chifukwa chomveka chokwiyira.

Palinso masewera omwe mfundo yanga yonse siigwira, ndipo ndi a zoopsa. Call of Cthulhu, yomwe Sandy Petersen analemba ndipo Chaosium inatulutsa mu 1981, ilibe botolo lotere. M'malamulo ake a masiku ano chithandizo choyamba chimabweza pointi imodzi yokha, ndipo wovulala kwambiri amagona milungu. Kumeneko kusowa chothawirako ndiye masewera ake. Ngakhale mkati mwa Dungeons & Dragons, ulendo wa Curse of Strahd wa mu 2016 unachita zomwezo mwadala. Sitolo ya Bildrath m'mudzi wa Barovia imagulitsa zinthu zokhazo zomwe mtengo wake pa mndandanda sufika ndalama 25, ndipo imazigulitsa mochulukitsa kakhumi. Kabotolo ka 50 mulibemo. Osewera amalowa ndi golide m'thumba, amatuluka ndi chingwe chodula mopweteka, ndipo amamvetsa popanda wowauza kuti m'chigwa chimenechi ndalama siziwombola munthu. Woyendetsa amene angawamvere chisoni n'kuika mabotolo 10 pashelefu ya Bildrath wawononga zomwe olemba ulendowo anamanga, ndipo gulu lomwe lavomera kusewera ku Barovia liyenera kupeza wansembe, kapena kuphunzira kuthawa.